Kodi ziwerengero zakale za nyumba ndi eni ake ku Britain mungazipeze kuti?

Mayi wina amene akuchita maphunziro a digiri yachiwiri ku Leeds wandilembera funso. Akufuna kujambula galafu imodzi yoonetsa mmene anthu a ku Britain akhala akukhalira kuyambira 1900 mpaka lero: mabanja angati anali m'nyumba zawozawo, angati ankachita lendi, ndiponso nyumbazo zinali zamtundu wanji, zamdadada, zogundana ziwiriziwiri, zoima pazokha kapena mafulati. Chamuimitsa mutu n'chakuti buku lina likuti cha m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse mabanja 10 okha mwa 100 alionse ndiwo anali ndi nyumba zawo, pamene lina likuti anali 23. Ndiye akufunsa kuti, "Choona n'chiti, nanga tebulo lathunthu ndikalipeza kuti?"

Achemwali, ndiyambe ndi mawu amene mwina sakusangalatsani. Tebulo limene mukulisakalo, loti wina anayenda khomo ndi khomo kuyambira 1900 n'kumalemba mwini nyumba ndi mtundu wa nyumbayo, silinalembedwepo. Kalembera wa ku Britain anayamba kufunsa ngati banja lili m'nyumba yake kapena ya lendi mu 1961. Funso losiyanitsa bwinobwino nyumba yoima payokha, yogundana ndi inzake ndi yamdadada mudzalipeza lokhazikika kuyambira kalembera wa 1991. Nambala iliyonse ya umwini imene mungaione ya zaka za m'mbuyo mwa 1961 ndi yoyerekeza, yochita kusonkhanitsa kuchokera ku zidutswa. Zimenezi zisakugwetseni ulesi. Zidutswazo zilipo zambiri, zina n'zokoma kuposa tebulo lililonse, koma muyenera kudziwa amene anaziwerenga, chimene ankawerenga, ndi chimene chinkamudetsa nkhawa pamene ankawerengapo.

Ife amene tinazolowera kalembera wa kwathu, amene amafunsa za denga, khoma, pansi ndi umwini wa nyumba pa fomu imodzi, timaganiza kuti dziko limene linayamba kalembera mu 1801 liyenera kuti linkafunsa zonsezi kuyambira kale. Ayi ndithu. Kalembera wa 1801 anawerenga nyumba zokhalamo anthu, nyumba zopanda anthu, ndi mabanja okhalamo. Mu 1811 anawonjezerapo nyumba zimene zinali kumangidwa. Kuyambira 1841 anayamba kulemba mayina a anthu. Koma za mwini nyumba boma linalibe nazo ntchito, chifukwa m'maganizo a nthawiyo kuchita lendi sikunali vuto ayi. Ngakhale madokotala, maloya ndi amalonda olemera ankachita lendi moyo wawo wonse popanda wowaseka. Chimene chinkaopsa akuluakulu a boma chinali kuthithikana kwa anthu m'zipinda ndi matenda obwera nako, kolera, chifuwa chachikulu ndi ena. Choncho ankawerenga zipinda. Ku Scotland anayamba mu 1861 kuwerenga zipinda zokhala ndi windo, ndipo anapeza kuti pafupifupi banja limodzi mwa atatu alionse linkakhala m'chipinda chimodzi. Ku England ndi Wales funso la zipinda linalowa mu 1891, koma linkafunsidwa kwa okhawo amene anali ndi zipinda zosakwana zisanu.

Mukapeza mpata, tsegulani fomu imodzi ya kalembera wa 1911 wa ku England ndi Wales. Ndi kalembera woyamba amene mafomu ake, olembedwa ndi dzanja la mwini banja, anasungidwa. Pansi pake pali kabokosi kofunsa kuchuluka kwa zipinda, ndipo malangizo ake amati khitchini muiwerenge ngati chipinda, koma kachipinda kotsukiramo mbale, khonde la m'kati, bafa, ofesi ndi sitolo musaziwerenge. Mudzaona manambala ena atafufutidwa n'kulembedwanso, mwina bambo atakangana ndi mkazi wake ngati kachipinda ka kudenga ndi chipinda kapena ayi. Muyezo wa nthawiyo unali wakuti anthu akaposa awiri pa chipinda chimodzi ndiye kuti athithikana. Pa fomu yonseyo mulibe mzere ndi umodzi womwe wofunsa kuti nyumbayi ndi ya yani.

Kenaka pali dzenje lalikulu pakati. Mafomu a kalembera wa 1931 a ku England ndi Wales anapsa onse pa moto umene unabuka mosungiramo katundu wa boma ku Hayes mu December 1942, ngakhale malipoti osindikizidwa a ziwerengero zake alipo. Mu 1941 kalembera sanachitike chifukwa cha nkhondo. Chimene chimathandizako ndi kaundula wa pa 29 September 1939, amene boma linalemba pokonzekera ziphaso ndi kagawidwe ka chakudya, koma nayenso amangokuuzani amene ankakhala pa adiresi, osati mwini wake. Kalembera wa 1951 anafunsa za madzi a m'mipope, sinki, chitofu, chimbudzi chogejemula ndi bafa lokhazikika, ndipo anapeza kuti mabanja oposa limodzi mwa atatu alionse analibe bafa lotere. Umwini unadikirabe zaka zina khumi.

Tsopano za 10 ndi 23 zija. Nambala ya 10 peresenti ya chaka cha 1914 yakhala ikuyenda m'mabuku kwa zaka zambiri, wina kutengera kwa mnzake, mpaka kulowa m'zolemba za akuluakulu. Mu 1985 akatswiri awiri, Mark Swenarton ndi Sandra Taylor, analemba nkhani mu Economic History Review yofufuza kukula kwa umwini wa nyumba pakati pa nkhondo ziwiri zija, ndipo anaonetsa kuti maziko a nambala imeneyi ndi osalimba. Nambala ya 23 peresenti ya chaka cha 1918 ndi ya Alan Holmans, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'boma pa nkhani za chuma cha nyumba asanapite ku Cambridge. Iyinso ndi yoyerekeza, koma ndi yoyerekeza ya munthu amene amakuonetsani njira imene wadzera. Buku lake la 2005, Historical Statistics of Housing in Britain, ndilo muyenera kuyambira. Si buku lowerenga pogona, ndi matebulo okhaokha ndi ndemanga zazitali, koma pa nambala iliyonse amakuuzani ngati inachita kuwerengedwa kapena iye waichita kuphatikiza, ndiponso chifukwa chake. Ofesi ya ziwerengero ya ONS ndi unduna woona za nyumba amagwiritsa ntchito nambala yake yomweyi. Inunso gwiritsani ntchito 23, koma mulembe poyera kuti ndi yoyerekeza, ndipo mutchule kuti 10 ija inachokera m'mabuku akale.

Ine ndemwe ndinagwapo m'mbuna imeneyi. Ndili wophunzira ndinaika 10 peresenti m'ndime yoyamba ya ntchito yanga, chifukwa ndinali nditaiona m'mabuku atatu osiyana. Wondiyesa anangofunsa funso limodzi: ndani anawerenga? Ndinabwerera ku laibulale n'kutsatira buku ndi buku, lililonse likuloza kwa linzake, mpaka ndinafika pa buku limene silinaloze kwa wina aliyense. Sabata yonse inathera pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo nambala iliyonse ndimaifunsa kwawo ndisanaipatse malo.

Msana wa galafu yanu uli motere, ndipo muupeza mu tebulo la kafukufuku wa English Housing Survey lotchedwa FT1101, loonetsa mmene umwini ndi lendi zasinthira. Mu 1918 eni nyumba anali 23 peresenti, ochita lendi kwa alandilodi 76, ndipo a m'nyumba za khonsolo 1 yekha. Mu 1939 eni nyumba anafika 32 peresenti, ndipo mu 1953 anali akadali pomwepo. Mu 1961 anali 42 kapena 43, malinga ndi tebulo limene mwatsegula. Mu 1971 anafika theka. Mu 1981 anali cha pa 57, mu 1991 anali 68, ndipo mu 2003 ku England anafika pachimake, 71 peresenti. Kuchokera apo anayamba kutsika, ndipo kalembera wa pa 21 March 2021 anapeza 62.5 peresenti ku England ndi Wales, pamene ochita lendi kwa alandilodi anali 20.3 ndipo a m'nyumba za khonsolo ndi za mabungwe anali 17.1. Taonani ochita lendi kwa alandilodi: kuchoka pa 76 kufika pa 9 mu 1991, kenaka n'kudzukanso kuwirikiza kawiri.

Kukhota kulikonse kwa mzerewo kuli ndi lamulo lake kumbuyo, ndipo ndi bwino muzilembe zaka zimenezi pa galafu. Mu 1915 amayi a ku Govan mu Glasgow, motsogozedwa ndi Mary Barbour ndi anzake, anakana kulipira lendi yokwezedwa amuna awo ali ku nkhondo ndi m'mafakitale a zida, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo loletsa kukweza lendi. Kuyambira pamenepo ulandilodi unayamba kuchepa phindu, ndipo ambiri anagulitsa nyumba kwa omwe ankakhalamo. Lamulo la za nyumba la 1919, lotchedwa la Addison, linapatsa makhonsolo udindo ndi ndalama zomangira nyumba. Pakati pa nkhondo ziwirizo ku England ndi Wales kunamangidwa nyumba pafupifupi 4 miliyoni, zoposa 1 miliyoni mwa izo ndi makhonsolo, ndipo zambiri mwa zotsalazo zinali zogundana ziwiriziwiri za kunja kwa mizinda, zogulidwa ndi ngongole za mabungwe obwereketsa ndalama za nyumba. Lamulo la 1980 la boma la Margaret Thatcher linalola okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula motsika mtengo, kuchotsera kuyambira 33 mpaka 50 peresenti poyamba, ndipo ku England kokha zagulitsidwa pafupifupi 2 miliyoni. Lamulo la 1988 linamasula lendi, ndipo mu 1996 kunabwera ngongole zogulira nyumba yoti uikemo alendi. Apo ndi pamene alandilodi anabwererera.

Koma musanaphatikize manambala ochokera m'malo osiyana, pali misampha imene ndaona ikukola ophunzira chaka ndi chaka.

Tebulo lina limawerenga mabanja, lina limawerenga nyumba. Si chinthu chimodzi. Kale mabanja awiri kapena atatu ankagawana nyumba imodzi, makamaka ku London, ndipo lero pali nyumba zopanda anthu ndi nyumba zachiwiri za anthu olemera. Kalembera anayamba kugwiritsa ntchito tanthauzo la nyumba yokhala ndi khomo lakelake mu 1921, ndipo tanthauzo la banja linasinthidwanso mu 1981. Matebulo a unduna onena za nyumba zonse zimene zilipo, monga la nambala 104 la England, amawerenga nyumba. FT1101 ndi kalembera amawerenga mabanja. Mukasakaniza, mzere wanu udzadumpha pamalo pamene m'dziko simunachitike kanthu.

Msampha wina ndi dzina la dziko. England, England ndi Wales, Great Britain ndi United Kingdom ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo olemba ambiri amangoti Britain pamene nambala yawo ndi ya England yokha. Scotland ili ndi mbiri yakeyake imene ingasokoneze galafu yanu yonse mukaiiwala. Cha m'ma 1980 mabanja oposa theka ku Scotland ankakhala m'nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a boma, pamene ku England anali pafupifupi limodzi mwa atatu. Ufulu wogula nyumba ya khonsolo unathetsedwa ku Scotland mu 2016 ndi ku Wales mu 2019, koma ku England ulipobe. Kalembera wa ku Scotland amayendetsedwa ndi ofesi ina, National Records of Scotland, ndipo womaliza anachitika mu 2022, osati 2021. Ngakhale liwu loti nyumba silinkatanthauza chinthu chimodzi. Mukadzafika ku Blantyre ya ku Scotland, kumene dzina la mzinda wathu linachokera, kalowe mu Shuttle Row, nyumba yosanja imene David Livingstone anabadwiramo mu 1813. Munkakhala mabanja 24 a antchito a pa fakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi, mabedi olowa m'khoma, moto pomwepo, ana pomwepo. Kwa Mngelezi imeneyo ndi nyumba imodzi. Kwa munthu wa ku Scotland chipinda chilichonse chinali nyumba ya banja lake. Mukawerenga matebulo akale a ku Scotland muziyamba mwaona tanthauzo limene lipoti la chaka chimenecho linatsatira.

Palinso nkhani ya mabungwe osachita phindu amene amabwereketsa nyumba, aja amati housing association. Kalembera wa 1981 asanafike, alendi awo ankaphatikizidwa ndi ochita lendi kwa alandilodi. Kuyambira 1988 makhonsolo ambiri anapereka nyumba zawo zonse ku mabungwe oterewa, koma agogo amene akhala m'nyumba imodzi zaka 40 amalembabe pa fomu kuti mwini nyumba ndi khonsolo. N'chifukwa chake ndi bwino magulu awiriwa muwaphatikize kukhala mzere umodzi. Ndipo liwu loti mwini nyumba limabisa anthu awiri osiyana kwambiri: amene anamaliza kulipira ndi amene banki ingamulande akalephera miyezi ingapo. Kalembera wa 1991 anawasiyanitsa. Mu 2021 omaliza kulipira anali 32.8 peresenti, kuposa amene akulipirabe, 29.7 peresenti. Nambala ziwirizi zikunena zambiri za ukalamba wa eni nyumba kuposa 62.5 uja.

Mitundu ya nyumba ndiye ndi yovutirapo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Za lero n'zosavuta: mu 2021 ku England ndi Wales mabanja 31.5 peresenti anali m'nyumba zogundana ziwiriziwiri, 23.2 m'zoima pazokha, 23.2 m'zamdadada, ndipo 21.7 m'mafulati. Kubwerera m'mbuyo, kalembera akufikitsani bwino pa 1991. Kupitirira apo mudalire kafukufuku wa mabanja osankhidwa: General Household Survey, amene anayamba mu 1971, ndi kafukufuku wa mmene nyumba zilili, amene anayamba mu 1967 n'kumachitika zaka zisanu zilizonse kuyambira 1971 mpaka 2001, kenaka mosalekeza, mpaka anaphatikizidwa ndi wina mu 2008 kukhala English Housing Survey. Kalembera wa 1911 anagawako nyumba m'magulu, zokhalamo wamba, mafulati, masitolo, mahotela ndi zina, koma sanasiyanitse yamdadada ndi yoima payokha.

Ophunzira ambiri akafika apa amatenga njira yachidule. Ofesi ya Valuation Office Agency, imene imaika nyumba m'magulu a msonkho wa khonsolo, imatulutsa matebulo a nyumba zonse malinga ndi mtundu ndi zaka zimene zinamangidwa. Ndiye munthu amati, nditenga nyumba zonse zomangidwa 1919 isanafike, zimene ku England ndi pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse, ndipo ndidziwa mmene dziko linkaonekera mu 1918. Pamenepo mwalakwa kale. Zimene mukuwerengazo ndi zopulumuka. Pakati pa 1955 ndi 1985 ku England ndi Wales kunagwetsedwa nyumba zoposa 1 miliyoni pochotsa malo onyansa okhalamo amphawi, kuwonjezera pa zogwetsedwa m'ma 1930 ndi zophulitsidwa ndi mabomba. Zimene zinagwa zinali zazing'ono, zothithikana, za anthu osauka. Zimene zinatsala ndi zolimba. Komanso nyumba yaikulu ya banja limodzi ya mu 1890 lero ndi mafulati anayi. Mukadalira zotsala, mbiri yanu idzakhala ya anthu opeza bwino okhaokha.

Inu muli ndi mwayi chifukwa muli ku Leeds. Tsiku lina Loweruka kwerani basi mupite ku Harehills kapena ku Beeston, muyende wapansi. Mudzaona mizere ya nyumba za njerwa zofiira zimene Angelezi amati back-to-back, zotsamirana misana. Nyumba iliyonse imagawana makoma atatu ndi zinzake, kumanja, kumanzere ndi kumbuyo, choncho khomo ndi mawindo zili kutsogolo kokha. Kulibe kuseri. N'chifukwa chake m'misewu ina mudzaona zingwe zoyanikapo zovala zitamangidwa kudutsa msewu, kuchokera khoma ili kufika khoma la tsidya. Pakati pa mzere mudzapeza kampata kamene kale kanali ka zimbudzi zogawana ndi zinyalala. Lamulo la 1909 linaletsa kumanga nyumba zotere, koma Leeds anapezerapo mpata pa mapulani amene anali atavomerezedwa kale, n'kupitiriza kumanga mpaka 1937. Ku Birmingham, kumene zinalipo zambirimbiri, kwatsala bwalo limodzi lokha limene bungwe losunga malo akale la National Trust limasunga ngati malo okaona alendo. Mu kalembera wa lero nyumba ya ku Harehills imeneyi imalembedwa kuti yamdadada, mofanana ndi nyumba ya zipinda khumi ya ku Kensington, dera la anthu olemera ku London. Gulu limodzi, miyoyo iwiri yosayandikana n'komwe.

Ndiye pa zaka za m'mbuyo mwa 1961 malangizo anga ndi akuti mutsike kuchoka pa dziko lonse mufike pa msewu umodzi, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli manambala ochita kuwerengedwa. Boma limene silinkafunsa za umwini pa kalembera linkaufunsa kwambiri pa msonkho. Mu 1910 nduna ya zachuma David Lloyd George inakhazikitsa lamulo lofuna kudula msonkho pa kukwera mtengo kwa malo, ndipo kuti zitheke anayenera kuyeza malo alionse ndi nyumba iliyonse m'dzikomo malinga ndi mtengo wake wa pa 30 April 1909. Msonkhowo unalephera ndipo unathetsedwa mu 1920, koma mabuku ake anatsala. A ku England ndi Wales ali ku National Archives, nkhokwe ya zikalata za boma ku Kew mu London, m'gulu la IR 58. Mumayamba ndi mapu akuluakulu a Ordnance Survey, ofesi ya boma yojambula mapu, pamene nyumba iliyonse inalembedwa nambala ndi inki, kawirikawiri yofiira. Nambala imeneyo ndiyo imakutsogolerani ku kabuku ka woyeza. Mukakatsegula mupeza masamba anayi a nyumba imodzi: dzina la wokhalamo, dzina ndi adiresi ya mwini wake, ngati malowo ndi akeake kapena a lizi, lendi yake pa sabata kapena pa chaka, amene amalipira msonkho ndi kukonza zowonongeka, ndipo nthawi zambiri kufotokoza kwa nyumbayo, zipinda zingati pansi, zingati pamwamba, njerwa kapena miyala, yabwino kapena yakutha. Ena anajambulamo kapulani ndi pensulo. Pamene dzina la wokhalamo ndi la mwini likufanana, mwapeza mwini nyumba wokhala m'nyumba yake. Mukawerenga msewu wonse muli ndi nambala yanuyanu, ndipo mukaiphatikiza ndi mafomu a kalembera wa 1911 mudziwanso ntchito ya bambo, kuchuluka kwa ana ndi zipinda. Mapu a madera ena anawonongeka pa nkhondo yachiwiri, choncho fufuzani kaye m'kaundula wa pa intaneti wa ku Kew musanagule tikiti ya sitima.

Pafupi ndi kwanu pali mabuku a msonkho wa khonsolo, aja amati rate books, osungidwa m'nkhokwe za zikalata za m'maboma. Ambiri a iwo ali ndi mzere wa mwini ndi mzere wa wokhalamo, chaka ndi chaka, ndipo ndi amene angakuonetseni nthawi imene landilodi mmodzi wa nyumba khumi anayamba kuzigulitsa imodziimodzi. Ku Wakefield, mphindi zochepa pa sitima kuchokera ku Leeds, kuli kaundula wa zikalata za malo wa West Riding, amene anayamba mu 1704 n'kutha mu 1970. Madera ochepa okha a England, Yorkshire ndi Middlesex, ndiwo anali ndi kaundula wotere. Ku Scotland zinthu n'zosavuta kwambiri: kuyambira 1855 chaka chilichonse ankalemba mabuku a mitengo ya nyumba okhala ndi mwini, wochita lendi ndi wokhalamo, ndipo zaka zina zili pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople. Ku Land Registry, ofesi yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, musatayeko nthawi pa mbiri yakale. Ngakhale inakhazikitsidwa mu 1862, kulembetsa nyumba pogulitsa kunakhala kokakamiza m'madera onse a England ndi Wales mu 1990, ndipo mitengo yake ya pa intaneti imayambira 1995.

Ntchito ya m'misewu imeneyi ndi imene imaonetsa chimene 23 peresenti amabisa. M'zigwa za migodi ya malasha kumwera kwa Wales ndi m'matauni ena a thonje ku Lancashire, antchito wamba ambiri anali ndi nyumba zawo nkhondo yoyamba isanayambe, chifukwa ankasonkherana ndalama m'magulu, mwezi ndi mwezi, kumanga nyumba imodziimodzi mpaka aliyense atapeza yake, gulu n'kutha. Mukamva zimenezi mukumbukira chipereganyu, ndipo simukulakwa: bungwe loyamba lodziwika la mtundu umenewu linayamba ku Birmingham mu 1775, m'nyumba yomweramo mowa ya Richard Ketley. Pamene m'kati mwa London ndi Glasgow pafupifupi aliyense ankachita lendi.

Za pa intaneti ndingodutsamo mwachangu. Malipoti osindikizidwa a kalembera kuyambira 1801 mpaka m'ma 1930 ali pa Histpop. A Vision of Britain through Time, ya yunivesite ya Portsmouth, imakupatsani ziwerengero za dera limodzi kudutsa zaka zambiri. Nomis ili ndi matebulo a makalembera aposachedwa mpaka ku timadera ting'onoting'ono. Ku UK Data Service mulowa ndi akaunti ya yunivesite yanu n'kutenga mayankho enieni a kafukufuku wa mabanja, ndiponso I-CeM, kumene anthu a m'makalembera ambiri akale, kuyambira wa 1851, anaikidwa m'kompyuta. Mapu akale a Ordnance Survey, a ku England omwe, mungawaone mwaulere pa tsamba la National Library of Scotland, ndipo pa mapu akuluakulu nyumba zotsamirana misana zimaoneka bwino ngati timabokosi tiwiritiwiri topanda bwalo kumbuyo. Chenjerani ndi malire: London anasintha mu 1965, England ndi Wales mu 1974, Scotland mu 1975. Leeds wa 1971 ndi Leeds wa 1981 si dera limodzi, chifukwa wachiwiriyu anameza matauni ndi midzi yozungulira monga Morley, Pudsey, Otley ndi Wetherby, kumene nyumba zake n'zosiyana ndi za m'kati mwa mzinda.

Galafu yanu ndikanakhala ine ndikanaigawa pawiri. Ya umwini ikhale ya England ndi Wales, kuyambira 1918, ndipo chigawo cha 1918 mpaka 1961 chikhale cha mzere wa timadontho, pansi pake mutalemba kuti ndi zoyerekeza za Holmans. Musalumikize 1939 ndi 1953 ngati kuti mukudziwa zimene zinachitika chaka chilichonse pakati pake. Ikani madontho awiri basi. Scotland ikhale ndi galafu yake. Ya mitundu ya nyumba iyambire 1971, ndipo zaka za m'mbuyo mwake muzifotokoze ndi mawu, mapu ndi misewu iwiri kapena itatu ya ku Leeds imene mwaiwerenga nokha, umodzi wa nyumba zotsamirana misana, wina wa zogundana ziwiriziwiri za m'ma 1930, wina wa khonsolo monga ku Gipton. Lemberani a West Yorkshire Archive Service muwauze mayina a misewuyo ndi zaka zimene mukufuna, akuuzeni mabuku a msonkho amene ali nawo musanapite. Ku Kew mukatenge ziphaso ziwiri, china cha dzina lanu ndi china cha adiresi, kuti akupatseni khadi lowerengera, ndipo muitanitsiretu mapu, chifukwa popanda nambala ya pa mapu kabuku ka woyeza simukapeza.